Mnzathu akachedwa timati waulesi, ife tikachedwa timati zinavuta, chimachitika ndi chani?

MayiWaAwiri:

Abale ndili ndi funso landisowetsa mtendere kuyambira Lachinayi, mwina muno alipo amene anaphunzirako za saikoloji andimasulire. Kuntchito kwathu kunabwera mnyamata watsopano miyezi iwiri yapitayo, desiki yake inayang'anana ndi yanga nde chilichonse akuchita ndimachiona ndisanafune nkomwe. Sabata yake yachitatu anachedwa masiku atatu otsatizana, amafika cha m'ma 9 maso ali psuu, shati yosasita, akangokhala pampando kuyamba kuyasamula mpaka misozi. Ine sindinachedwe, ndinauza mnzanga wa ku akaunti kuti uyu ndi waulesi komanso akuoneka kuti ndi wamowa, pano sakhalitsa. Ndinanena ndi mtima wonse ngati munthuyo ndamudziwa zaka 10.

Nde sabata yatha inenso ndachedwa kawiri. Tsiku loyamba mwana anatentha thupi usiku wonse ndinagona 3 koloko, lachiwiri foni inathima ndili mtulo alamu osalira. Ndikulowa abwana anangoyang'ana wotchi nkunena kuti mayi nanunso mwayamba eti? Zinandiwawa kwambiri, mumtima ndinati munthu uyu akudziwa chimene ndadutsamo usiku? Ine siine munthu wochedwa, zinangochitika basi.

Chandimaliza nchoti Lachinayi masana ndinamupeza mnyamata uja pakhonde akuyankhula pafoni motsitsa mawu akufunsa kuti mankhwala a masanawa awapatsa kale, ndipo atatha ndinamufunsa ngati kunyumba kuli bwino, nkundiuza kuti bambo ake anachita sitiroko ndipo iye ndi amene amagona kuchipatala kuwadikirira, m'mawa amachokera konko kubwera kuntchito. Ndinachita manyazi osaneneka.

Funso langa nlakuti bwanji za ine ndinali ndi zifukwa zomveka koma za iye ndinathamangira kuti ndi mmene alili? Ndine woipa mtima kapena mitu yathu tonse imayenda chonchi? Ndipo zili ndi dzina zimenezi?

Wosagona_usiku:

Achemwali simuli nokha ndipo dzina lilipo. Ndinaphunzirako pang'ono zimenezi nde ndiyesa.

Amene anayamba kuziika bwino ndi Fritz Heider, munthu wobadwira ku Austria amene anakagwira ntchito ku America. Mu 1958 iye analemba kuti munthu aliyense olo sanapite kusukulu amakhala ngati kasayansi kakang'ono, akaona mnzake wachita chinthu sakhala chete mumtima, amafuna chifukwa, ndipo zifukwazo amazigawa pawiri, za mkati mwa munthuyo monga khalidwe, nzeru, ulesi, mtima wake, ndi za kunja monga matenda, lamulo la abwana, mwayi, tsoka. Mutuwu umakonda za mkati zija moti umaziona ndi pamene palibe munthu. Mu 1944 Heider yemweyo ndi Marianne Simmel anaonetsa anthu kafilimu kakafupi ka mathirayango awiri, wamkulu ndi wamng'ono, ndi kanthu kozungulira, zikungoyenda kulowa ndi kutuluka m'bokosi lokhala ngati lili ndi chitseko. Atawafunsa kuti mwaona chani pafupifupi onse anafotokoza nkhani ya anthu, ati wamkuluyo ndi wankhanza akuvutitsa anzake, winayo akuthawa ndi mantha. Thirayango abale, chojambula chopanda ndi maso omwe tachipatsa kale khalidwe, nde mnyamata wa shati yosasita akanapulumuka bwanji kkkk.

Mu 1967 Edward Jones ndi Victor Harris anapatsa ophunzira a payunivesite ku America nkhani zolembedwa, zina zoyamikira Fidel Castro wa ku Cuba zina zomunyoza, nthawi imeneyo Castro anali mdani wamkulu wa boma la America. Ena anauzidwa kuti wolembayo anasankha yekha mbali, ena anauzidwa mosabisa kuti wolembayo anachita kupatsidwa mbali yoti alembe sanasankhe. Chodabwitsa nchoti ngakhale amene anadziwa kuti munthuyo anangolamulidwa anaganizabe kuti wolemba zoyamikirayo ndekuti amamukondako ndithu Castro. Chifukwa chakunja achita kuuzidwa pamaso koma mutu ukukanirirabe pa munthu. Lee Ross wa ku yunivesite ya Stanford ndi amene mu 1977 anazipatsa dzina loti fundamental attribution error, mukafufuza dzina limeneli pa intaneti mupeza zambiri, tanthauzo lake nkungoti timakulitsa mbali ya khalidwe nkuchepetsa mbali ya zimene zamuzungulira munthu.

Koma kafukufuku amene ine amandisangalatsa ndi wa chaka chomwecho wa Ross, Teresa Amabile ndi Julia Steinmetz. Anatenga ophunzira awiriawiri nkuchita maere onse akuona, wina akhale wofunsa mafunso wina woyankha. Wofunsayo anauzidwa kuti apange mafunso 10 ovuta kuchokera pa zimene iye amadziwa, nde mukudziwa aliyense ali ndi tinthu take timene ena sadziwa, wina mpira wina mbiri yakale wina mayina a mitsinje, woyankhayo amangokhoza ochepa. Pamapeto oonerera anati wofunsayo ndi wodziwa zinthu kuposa woyankhayo, ndipo oyankhawo nawonso anadziika pansi okha. Onse anaona maere akuchitika koma anaiwala kuti mpando umene munthu wakhalapo ndi umene wamupatsa mphamvu. Ofunsa okhawo ndi amene sanadzione kuti ndi anzeru kwenikweni poti amadziwa kuti angosankha zimene iwo akudziwa.

Chifukwa chimodzi nchophweka, diso limaona munthu, siliona chipatala. Padesiki panu paja mumaona maso ofiira ndi kuyasamula, benchi imene anagonapo usiku simumaiona. Pomwe inu mutachedwa simumadziona nkhope, mumaona mwana wotentha thupi ndi foni yothima. Paja amati chala sichiloza mwini.

Kapitawo_wakale:

Pepani ine ndilowe mokhota pang'ono. Ndayang'anira anthu pantchito zaka zambiri ndipo ndikuuzeni aulesi alipo, sikuti aliyense wochedwa ali ndi bambo kuchipatala ayi. Ndinali ndi mnyamata wina pashifiti yanga, Lolemba lililonse ali ndi nkhani, lero mutu mawa kiyi wasowa mkucha mvula, nkhani zake zinali zokoma moti ukamamvera umamva chisoni, koma anzake amene amamugwirira ntchito yake ndi amene amavutika ndipo ine ndinachedwa kuchitapo kanthu chifukwa cha chifundo chomwechi mpaka wina wolimbikira anasiya ntchito chifukwa chotopa kunyamula katundu wa mnzake. Nde mukamabwera ndi mayina a azungu kuti tikulakwitsa poweruza khalidwe ine ndimaopa kuti mukupatsa anthu pobisala. Mayi awa analakwitsa inde, koma pa anthu 10 amene ine ndinawaganizira kuti ndi aulesi ambiri anali aulesidi, diso la munthu amene wakhala ndi anthu silinama kawirikawiri.

Komanso zija za Castro ine sindikuona cholakwika chachikulu. Munthu akalemba nkhani yogwira mtima yoyamikira chinthu olo anachita kutumidwa pamakhala kenakake, mfundo zonsezo anazitenga kuti ngati mumtima mwake mulibemo?

Wosagona_usiku:

Akulu simunaname ndipo za Castro zija anthu ena a saikoloji anatsutsanso chimodzimodzi, ati owerengawo mwina amangoganiza kuti ofufuza sangawapatse nkhani yoti awerenge ngati ilibe chimene ikunena za wolembayo. Ndipo palibe akunena kuti khalidwe kulibe. Nkhani ili pa changu chimene timafikira pa chigamulo ndi umboni umene tili nawo pofika pamenepo.

Harold Kelley mu 1967 ananena kuti munthu woganiza bwino amafunika mafunso atatu asanaloze chifukwa. Kodi enanso akakhala pamalo omwewo amachita chimodzimodzi? Kodi munthuyu amachita zimenezi kulikonse kapena pano pokha? Kodi amachita nthawi zonse kapena kamodzikamodzi? Tiyeseni pa mnyamata wanu wa Lolemba uja, anzake a shifiti yomweyo amafika bwino, iye amazemba chilichonse osati kufika kokha, ndipo wachita kwa miyezi, apo mafunso onse atatu akuloza iye, inu munali ndi umboni wokwanira ndipo munachedwa kumene. Koma mnyamata wa achemwaliwa sabata ziwiri zoyamba amafika nthawi yabwino, zasintha mwadzidzidzi sabata yachitatu, kusintha kwadzidzidzi kumeneko ndi belu loti pali chinachake chachitika kunja. Masiku atatu ndi miyezi yambiri ndi zosiyana akulu.

Nde za diso silinama zija ndifunseko, amene munawaganizira kuti ndi aulesi nkuchotsedwa ntchito munawatsatira kuti mukaone kuti kwina akugwira bwanji? Chifukwa ife timangowerenga pamene tinalondola, pamene tinaphonya nthawi zambiri sitimva nkomwe poti munthuyo wapita kale. Achemwaliwa adziwa chifukwa anapezeka pakhonde nthawi ya foni, akanadutsa mphindi zisanu mochedwa bwenzi mpaka lero akuti ndi wamowa ndipo bwenzi akudzitama kuti amadziwa kuwerenga anthu.

China chimene chimafotokoza changu chija ndi cha Daniel Gilbert ndi anzake mu 1988. Anaonetsa anthu vidiyo yopanda mawu ya mayi wina akucheza ndi munthu koma akuoneka wosakhazikika ngati wamantha, pansi pakulembedwa mutu wa nkhani imene akukamba. Ena anaona mitu ya nkhani zochititsa manyazi zoti aliyense angasowe mtendere, ena mitu wamba ngati za tchuthi. Amene anaona mitu yochititsa manyazi ija opanda ntchito ina yowatangwanitsa anati aa mayiyu si wamantha, ndi nkhanizo zikumuvuta. Koma amene anapatsidwa ntchito yoloweza mituyo uku akuonera analephera kukonza ganizo lawo, anangoti ndi mayi wamantha basi, chonsecho mitu imene amalowezayo ndi yomweyo imene inali chifukwa. Ndekuti kuloza khalidwe kumabwera kokha msangamsanga, kukumbukira zomuzungulira munthu ndi sitepe yachiwiri yofuna mphamvu, ukatopa kapena uli bize ndi malipoti sitepe imeneyo siichitika.

Aphunzitsi_a_masamu:

Ine ndiyankhulepo za kukalasi poti nkumene ndimaziona tsiku ndi tsiku. Tsiku lobweza mapepala a mayeso ukaima pakhomo nkumvetsera, wokhoza amati ndakhoza, wolephera amati andilepheretsa kapena mayeso anali ovuta kapena zimene zinabwera sitinaphunzire. Ndipo musaseke ana okha, ife aphunzitsi zotsatira zikatuluka bwino timati ndinawakonza ana amenewa, zikatuluka zoipa timati kalasi ya chaka chino ndi yopanda mitu. Ndazinenapo ndekha mawu amenewa kangapo. Zabwino ndi zanga zoipa ndi za mphepo, a saikoloji amati self-serving bias.

Koma chimene chinandisintha kaphunzitsidwe ndi zimene Bernard Weiner anawonjezera, kuti sizokwanira kufunsa ngati chifukwa chili mkati kapena kunja, funsanso ngati chili chokhazikika kapena chosintha, komanso ngati munthu angachilamulire kapena ayi. Ana awiri alephera masamu ndi mamaki ofanana, wina akuti sindinawerenge mokwanira, wina akuti ine mutu wanga si wa masamu. Onse aloza mkati koma woyambayo waloza chinthu choti mawa angasinthe, wachiwiriyo wadzitsekera chitseko ndipo ukamuona teremu yotsatira wakhala kumbuyo kope lotseka, homuweki sayesa nkomwe chifukwa kwa iye kuyesa nkutaya nthawi. Ndinali ndi mtsikana wotere, ndinatenga pepala lake nkumuonetsa kuti pa masamu asanu ndi limodzi amene analakwa anayi njira yake inali yolondola anangophonya pa chizindikiro cha kuchotsera, anayang'ana pepalalo nthawi yaitali ngati si lake. Mu 1982 Timothy Wilson ndi Patricia Linville anayesa zofanana ndi ophunzira a chaka choyamba payunivesite amene amadandaula ndi mamaki awo, anangowaonetsa kuti ambiri amayamba movutika kenako mamaki amakwera, ndi mavidiyo a ophunzira akuluakulu akunena zomwezo za iwo eni. Gululo linali laling'ono koma amene anauzidwawo anakhoza bwino pambuyo pake ndipo osiya sukulu anachepa.

Nde mayi, mawu oti wamowa amene munanenawo ndi olemera kuposa oti waulesi, chifukwa tikaganiza kuti vuto munthu wadzipangira yekha timakwiya, tikaganiza kuti lamugwera timamva chisoni nkuthandiza. Mu 1969 ofufuza ena, Piliavin ndi anzake, anachita sewero m'sitima za pansi pa nthaka ku New York, munthu amagwa dala m'sitima, pena atagwira ndodo ngati wodwala pena akununkha mowa botolo lili m'manja. Wa ndodoyo anathandizidwa msanga maulendo 62 pa 65, wa mowayo 19 pa 38. Kugwa kwake nkumodzi, pansi pake pomwepo.

Chidzukulu_cha_agogo:

Zonsezi nzabwino koma tisamazitenge ngati lamulo la chilengedwe. Ambiri mwa makafukufukuwa anachitika pa ophunzira a m'mayunivesite a ku America ndipo ena atayesa kwina anapeza kuti sizifanana. Joan Miller mu 1984 anafunsa anthu a ku Chicago ndi a ku Mysore ku India kuti afotokoze chinthu choipa kapena chabwino chimene munthu amene amamudziwa anachita ndi chifukwa chake. Ana a zaka 8 a mbali zonse amayankha mofanana, koma akamakula amasiyana, akuluakulu a ku America amakonda kunena kuti ndi mmene alili munthuyo, a ku India amakonda kunena za udindo wake, ubale wake ndi ena ndi mmene zinthu zinalili tsikulo. Ndekuti mbali ina timachita kuphunzira pokula, sitibadwa nayo yonse. Michael Morris ndi Kaiping Peng mu 1994 anayerekeza mmene nyuzipepala ya Chingelezi ya New York Times ndi ya Chitchaina ya World Journal zinalembera nkhani ziwiri za kuphana ndi mfuti zimene zinachitika ku America mu 1991, ina wakupha anali wophunzira wa ku China payunivesite ya Iowa ina anali wa ku America amene anali atachotsedwa ntchito ku positi ofesi ku Michigan. Ya Chingelezi pa onse awiri imatsindika za mtima ndi khalidwe la wakuphayo, ya Chitchaina imatsindika za kusamvana ndi omuyang'anira, kutha kwa ntchito ndi zina zomuzungulira.

Komanso a Wosagona, zija zoti za ife timaloza kunja za ena timaloza mkati, zimene Jones ndi Richard Nisbett ananena mu 1971, Bertram Malle mu 2006 anasonkhanitsa makafukufuku 173 nkupeza kuti ukaziphatikiza zonse kusiyanako pafupifupi kulibe. Kumaoneka pa zinthu zoipa, pa zabwino kumatembenuka. Nde mwina si nkhani ya diso lokha kuti likuona chani, mwina ndi kudzikonda komwe aphunzitsi anena kuja, chifukwa mayiwa atafika molawirira mwezi wonse sindikukhulupirira kuti akananena kuti ndi mwayi wa mayendedwe, akanati ine ndine munthu wosunga nthawi.

Wosagona_usiku:

Za Malle zija ndavomera, pamenepo ndinathamanga. Koma za diso sindikuzitaya zonse, Michael Storms mu 1973 anajambula anthu akucheza kenako nkuwaonetsa vidiyo akudziona okha mmene mnzawo amawaonera, ndipo atadziona nkhope anayamba kufotokoza zochita zawo ndi khalidwe lawo kuposa poyamba. Mwina zonse ziwiri zimagwira limodzi.

MayiWaAwiri:

Zikomo nonse ndawerenga kawirikawiri, za wosunga nthawi zija zandilasa chifukwa ndimadzitchuladi choncho kkkk. Koma abale nkhani yakula. Lero ndapita kwa mnzanga wa ku akaunti uja kukamuuza kuti tinalakwitsa, nkundiuza kuti iye anatchulako kale kwa abwana sabata yomwe ija kuti mnyamatayo akuoneka kuti amamwa, ati zinangotuluka pocheza. Nde ndamvetsa chifukwa chake abwana samuyankhula bwino mnyamatayo masiku ano ndipo mwezi wamawa ndi pomwe aziona ngati amulembe ntchito yokhazikika kapena ayi. Ndakwiya naye kwambiri, mayi ameneyu ndi wamiseche sasunga kanthu mkamwa, ndimadziwa kale kuti ndi mmene alili. Pano sindikudziwa ndipite kwa abwana ndikanene za bambo ake kapena ndingokhala chete poti mnyamatayo sanandiuze kuti ndizifalitsa.

Chidzukulu_cha_agogo:

Achemwali werenganinso meseji yanu kkkkk. Iwo ndi amiseche, ndi mmene alili, nanga inu amene munayambitsa nkhani ya mowayo ndinu ndani, zinangotuluka pocheza?

MayiWaAwiri:

Iii ndaona. Ndisiyeni kaye ndipume.

Kapitawo_wakale:

Mayi musapite kwa abwana ndi nkhani ya matenda a bambo ake musanamufunse mwini wake, mwina ali ndi chifukwa chobisira, ena amaopa kuti akaulula adzaoneka ngati sangakwanitse ntchito pomwe sanalembedwe nkomwe. Mawa m'mawa mumuitanire pambali mumuuze kuti abwana akufunika kudziwa ndipo ndi bwino amve kuchokera kwa iye, akafuna mumuperekeze. Koma za mowazo ndi zanu, zimenezo mukafafanize nokha, mukangoti bwana mawu aja anachokera kwa ine ndipo ndinalibe umboni uliwonse. Ine nditakhala bwanayo ndikanafunanso kuona buku losainira pofika la miyezi yonse iwiri, osati la sabata imodzi ija.